A Pulova, Mphunzitsi wa Kupatuka ndi Kuima

Pa sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, ija ili kuseri kwa sitolo ya matayala, munthu akabwera kudzalembetsa ankamufunsa funso limodzi: "Mukufuna mphunzitsi wachangu, kapena mukufuna a Pulova?" Achinyamata ambiri ankasankha wachangu. Koma makolo obwera ndi ana awo, ndiponso anthu amene analawapo kale kuwawa kolephera mayeso, ankangoti, "Tipatseni a Pulova omwewo."

Anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, imvi zili m'mbali mwa makutu mokha. Ankavala malaya a manja aatali kaya kutenthe bwanji, mabatani atamanga mpaka pakhosi. Dzina lawo lenileni linkapezeka pa laisensi basi. Ngakhale akazi awo, akapsa mtima, ankaitana la Pulova lomwelo. Ndipo dzinalo silinabwere mwaulemu ayi. Linabwera ndi njuchi.

Pa nthawiyo anali mnyamata wongokwatira kumene. Anali atakhala zaka zingapo akukweza ndi kutsitsa matumba pa lole ya simenti, akuba luso ndi maso pamene dalaivala akusintha magiya, mpaka anapeza laisensi yawoyawo. Kenako mwayi unawagwera. Dokotala wina wa ziweto, mayi wochokera kudziko lina, ankafuna dalaivala womuyendetsa m'makhola a anthu. Mayiyo pakamwa pake pankatuluka Chingerezi chokha. Atafunsidwa ngati amachimva, mnyamata uja anavomera ndi mutu mwamphamvu. Sikuti ankanama kwenikweni. Ankadziwa moni, ankadziwa manambala, ankadziwanso mayina a zovala, chifukwa azakhali awo ankagulitsa zovala zakale pamsika ndipo iwo ali mwana ankawathandiza kuitanira malonda.

M'mawa wina, mlungu woyamba usanathe, ananyamuka kukaona ng'ombe yodwala. Dzuwa litayamba kutentha, dokotala anavula juzi yake n'kuiponya pampando wakumbuyo, natsitsa galasi kuti kamphepo kalowe. Kamphepo kanalowadi, koma sikanabwere kokha. Njuchi inalowa nako, inazungulira kamodzi, n'kukatera m'kolala ya bulauzi ya dokotala.

"Pull over," anatero mayiyo chapansipansi, khosi ataliumitsa ngati munthu wosenza ndowa yodzaza.

Mtima wa dalaivala unadumpha ndi chimwemwe. Pa mawu onse amene bwana wawo analankhula chiyambire Lolemba, awa okha ndi amene anawamva bwinobwino. Pulova! Si juzi ija azakhali ankagulitsa nthawi yozizira? Dzanja limodzi lili pachiwongolero, linalo analiponya kumbuyo, anafufuza pampando, anaipeza juziyo, naipereka mwaulemu, phazi osachoka pa mafuta.

"Pull over! Pull over!" Mawu anakwera tsopano.

"Ndi imeneyi, madamu," anatero akuigwedeza juziyo, akudabwa kuti munthu wophunzira chotere akulephera bwanji kuona chinthu chili pamphuno pake.

Njuchi inagwira ntchito yake. Dokotala anakuwa, anatsomphola juzi ija n'kuyamba kudzimenya nayo pakhosi mpaka kachilomboko kanagwera pansi. Dalaivala, ataona kuti juzi yathandiza, anakhazika mtima pansi n'kupitiriza ulendo, akudziyamikira kuti Chingerezi chawo chafika pa nthawi yake.

Zinaululika masana, atabwerera ku ofesi. Dokotala, khosi litatupa ngati wameza dzira lathunthu, anafotokozera kalaliki, akuseka mpaka misozi. Kalaliki anatuluka atagwira nthiti n'kukauza alonda. Alonda anauza amayi osesa. Pofika nthawi yoweruka, aliyense pabwalo paja, mpaka anthu obwera ndi agalu awo kudzabayitsa, ankati, "Muyende bwino, a Pulova."

Kunyumba chakudya anangochiyang'ana.

"Abambo, akuchotsani ntchito?" anafunsa akazi awo.

"Bola akanandichotsa."

Anafotokoza zonse. Akazi awo analuma mlomo kuti asaseke, koma mapewa ankawagwedezeka. A Pulova sanawaletse. Kusekedwa sikunali kumene kunkawadya mumtima.

"Lero inali njuchi," anatero. "Nanga akanakhala kuti waona utsi ukutuluka kutayala? Nanga akanakhala kuti mtima wamugwira? Ine ndikanamupatsa juzi, mayi. Munthu akufa, ine ndikumupatsa juzi."

Mapewa a akazi awo anasiya kugwedezeka. "Pitani kwa achimwene mawa lomwe," anatero. "Paja iwo Chingerezi amachita kutafuna."

Achimwene awo a mayiwo anali mphunzitsi wa pulayimale. A Pulova anawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga, beseni la madzi lili pakati pa miyendo. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka chubu chinagwera m'madzi.

"Alamu, sekani mumalize, kenako mundiphunzitse."

Alamu anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Chabwino. 'Pull' ndi kukoka. 'Over' ndi pamwamba, nthawi zina kutsidya."

"Ndiye amafuna ndikoke chiyani pamwamba pa chiyani?"

"Palibe chokoka, palibenso pamwamba. Mawu awiriwa akakhala aliyense payekha ali ndi ntchito zawo. Koma akakwatirana amasiya za kwawo n'kuyamba banja lina. 'Pull over' ndi kupatutsa galimoto, kuichotsa pakati pa msewu n'kukaiimika pambali."

"Bwanji osangoti 'stop'? Ameneyo ndimamudziwa, ali pachikwangwani."

"Ameneyo mungaime naye paliponse, ngakhale pakati penipeni pa msewu, lole ya kumbuyo n'kukuphwanyani. Uyu wanuyu ndi kuima kwa munthu woganizira anzake. Mumachoka kaye panjira, kenako n'kuima."

"Nanga juzi yalakwa chiyani?"

"Juzi anaitcha choncho chifukwa povala mumaikoka kudzera pamwamba pa mutu. Ilo ndi dzina la chinthu. Limene anakuuzani bwana wanu linali lamulo."

A Pulova anaganiza kanthawi. "Ndiye kuti pa juzi kukoka kulipo, pamwamba palipo. Pa galimoto zonse palibe."

"Mwamva."

"Chinenero chachinyengo chimenechi."

"Nanga ife tikamati munthu wapsa mtima, mumaona utsi? Tikamati wagwa mphwayi, mumamva kuti phi?" Alamu anatola chubu chija n'kuyamba kuchipukuta. "China n'chakuti, mawuwa ali ndi mbali ziwiri. Mungadzichitire nokha, mwa kufuna kwanu. Kapena wapolisi angakuchitireni: akakweza dzanja kuti mupatuke, amanenanso ndi mawu omwewo, kungoti tsopano inu ndinu ochitiridwa."

"Ndiye bola kudzichitira wekha," anatero a Pulova, akuimirira.

Lolemba lake anapempha kalaliki kuti awamasulire pempho kwa dokotala: aziwauza mawu aja nthawi iliyonse imene afuna, popanda chifukwa, mpaka thupi lizolowere. Dokotala anavomera mokondwa, ndipo anachita ngati masewera. Ankawatchula ali pakati pa kuwerenga nyuzipepala, ankawatchula pa mtsetse, pa mlatho, mvula ikugwa. Apo ndi pamene a Pulova anaona kuti m'mawu awiri aja muli ntchito yambiri. Uyenera kuyang'ana pagalasi kaye kuti udziwe ali kumbuyo ndani, kenako uyatse indiketa kuti nayenso adziwe maganizo ako. Liwiro uchepetse pang'onopang'ono, maso akusaka malo ouma opanda ngalande, opanda mwana, opanda chipata cha munthu. Ndipo pa mlatho kapena pokhota supatuka ayi, ngakhale bwana akuwe bwanji, umadutsa kaye.

Anamuyendetsa dokotala uja zaka zambiri, galimoto osakandika ngakhale utoto. Tsiku lobwerera kwawo, mayiyo anawapatsa kaphukusi kokulunga bwino. Munali juzi ija. A Pulova sanaivalepo, inkawathina m'mapewa. Anaivala ndi akazi awo mpaka inabooka m'zigongono.

Atachoka pamenepo anayendetsa galimoto ya buledi kwa kanthawi, kenako mwini sukulu ija anawamva mbiri n'kuwaitana. Anawapatsa kagalimoto kofiira, kokhala ndi buleki yachiwiri mbali ya mphunzitsi, ndipo m'kagalimoto kameneko ndi mmene anakalambira.

Aphunzitsi ena tsiku loyamba ankafulumira kumulowetsa wophunzira mu giya yachitatu kuti akafike kwawo akunyadira. Kwa a Pulova tsiku loyamba linali la kunyamuka ndi kuima. Unyamuke, uyende pang'ono, "pull over." Unyamukenso, uyende pang'ono, "pull over." Ankawanena m'Chingerezi momwemo, chifukwa ankati woyesa mayeso akhoza kuwanena choncho, wapolisi akhoza kuwanena choncho, ndipo sankafuna kuti mwana wa munthu wina adzapereke juzi. Nkhani ya njuchi ankaifotokoza okha kwa wophunzira aliyense, osabisa kanthu, akusanzira ngakhale mmene ankagwedezera juzi. Amene waseka nkhani imeneyo sankaiwalanso tanthauzo.

Mnyamata wina wa ku koleji anatopa nazo. "Ababa, ine ndabwera kudzaphunzira kuyenda, osati kuima."

"Kuyenda, ngakhale wilibala imayenda ukaikankhira pa mtsetse," anayankha a Pulova. "Galasi. Indiketa."

Sankakalipa. M'magalimoto ena a pasukulupo munkamveka mawu a aphunzitsi mpaka kunja, ophunzira n'kumatsika maso atafiira. A Pulova akaona kuti wophunzira wayamba kunjenjemera, kapena wakwiya ndi hutala wa minibasi, ankangomuuza kuti apatuke. Akaima, ankatulutsa lalanje m'thumba la chitseko, n'kulisenda mosafulumira, theka n'kumupatsa. Ankati mantha ndi mkwiyo ndi madalaivala oipa, ndipo akakulanda chiwongolero usalimbane nawo galimoto ikuyenda.

Kunyumba khalidwe lomweli silinkakoma nthawi zonse. Mkangano ukafika pokoma, akazi awo atasonkhanitsa mfundo zonse, a Pulova ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Mayi, tiyeni tichite 'pull over' kaye," n'kutuluka kukathirira maluwa.

"Ine si galimoto!" mawu ankawatsatira pawindo. "Bwerani mudzamve!"

Pa ukwati wa mng'ono wawo wa mayiwo anafika anthu akutuluka kale m'tchalitchi, chifukwa panjira a Pulova anamva kaphokoso kutayala, anaima, anamvanso kena, anaimanso, kenako anaima kachitatu kuthandiza munthu wosamudziwa amene injini inamuwirira. Nkhani imeneyo inkatuluka m'nyumbamo chaka ndi chaka. Mwana wawo wamwamuna anayesa kuphunzira kwa bambo ake, anapirira masiku ochepa, kenako anakalembetsa mwakachetechete kwa mphunzitsi wachangu. Zinawapweteka a Pulova, ngakhale sanalankhulepo. Ndipo kunena zoona, mnyamatayo amayendetsa bwinobwino mpaka lero. Amene anapirira mpaka kumapeto ndi mwana wamkazi, ndipo iyeyo anadzakhala dalaivala wa ambulansi.

Chaka china kunabwera amayi ena ogulitsa mazira. Anali aakulu kale, a zidzukulu, a manja olimba ozolowera kunyamula mathireyi. Amuna awo ndi amene ankayendetsa kapikapu kawo kukasiya mazira m'masitolo, koma matenda anawagwetsa mwadzidzidzi, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Nkhuku sizidziwa za matenda, zinapitiriza kuikira. Pikapu inangokhala pabwalo matayala akuphwa, mazira akuunjikana m'chipinda. Aphunzitsi awiri achangu anayesa n'kuwalephera. Mmodzi anawauza pamaso kuti pa msinkhu wawo mpando wowayenera ndi wakumbuyo.

A Pulova anawayang'anitsitsa tsiku loyamba n'kuona pamene pagona vuto. Amayiwo ankagwira chiwongolero ngati akupotokola khosi la nkhuku, ndipo galimoto ikangoyamba kuyenda sankafuna kuti iimenso. Poyandikira maloboti, milomo inkayenda, akupemphera kuti asafiire.

"Mayi, pa kuima mukuopapo chiyani?"

"Ndikaima izima, aphunzitsi. Ikazima sindiilizanso, anthu ayamba kundiimbira mahutala."

"Aimbe. Hutala sanaphepo munthu."

Anawatengera kumsewu wa kuseri kwa nyumba zosungira katundu, kumene kumadutsa agalu okha. Kumeneko anawauza kuti aizimitse dala galimotoyo, asiye kilatchi mwadzidzidzi kuti idumphe n'kuzima. Kenako ailize. Aizimitsenso. Anachita zimenezi mpaka amayiwo anayamba kuseka okha galimoto ikadumpha, n'kumaikalipira ngati mbuzi yosamva. Patapita milungu ingapo anatuluka nawo kumsewu waukulu.

Tsiku lina masana, ali pakati pa malole, foni inalira m'chikwama cha amayiwo, chimene chinali pakati pa mipando. Inali nyimbo imene anaiika ya foni ya kunyumba yokha. Nkhope inasintha pomwepo. Dzanja linachoka pachiwongolero kupita kuchikwama, maso analitsatira, ndipo kagalimoto kofiira kanayamba kutsetserekera pa mzere wapakati, kumene basi inkabwera. Phazi la a Pulova linali kale pamwamba pa buleki yawo, koma pagalasi anaona lole itawamatirira kumbuyo. Kuponda mwamphamvu kukanangoitanira ngozi ina. Anaika zala ziwiri pachiwongolero n'kuchibweza pang'ono, nalankhula ngati munthu wopempha mchere patebulo.

"'Pull over,' mayi. Foni idikira. Galasi kaye."

Dzanja linabwerera. Amayiwo anayang'ana pagalasi, anayatsa indiketa, anachepetsa liwiro. Lole inalira hutala wautali n'kudutsa. Anapitirira ngalande, anapitirira chipata cha kampani ina, nakaima pamalo a miyala pansi pa chikwangwani cha sopo. Anakoka handibuleki. Foni inali itasiya kulira.

Amayiwo anaimba okha kunyumbako. Anayankha ndi mdzukulu. Ankafuna kudziwa kumene agogo anaika kiyi wa chipinda cha chakudya cha nkhuku. Agogo aamuna? Ali bwino, akumvera wailesi.

Amayi a mazira anaika foni pamiyendo, natsamira mphumi pachiwongolero, n'kuyamba kulira. Mphumi inakanikiza hutala, koma sanadzuke. A Pulova anatsegula chitseko mwakachetechete n'kutuluka. Anazungulira galimoto akumenya tayala lililonse ndi nsapato ngati pali chimene akufufuza. Anapukuta magetsi akutsogolo ndi mpango. Anawerenga chikwangwani cha sopo chonse mpaka timalemba tam'munsi. Hutala atasiya, anadikirabe pang'ono, kenako analowa n'kutulutsa lalanje.

"Pepani, aphunzitsi," anatero amayiwo, akupukuta nkhope ndi nsonga ya mpango wa kumutu. "Ndimayesa basi zachitika."

"Palibe chopepesa. Mwaima bwino kwambiri. Tayang'anani mmene mwaisiyira ngalande."

Anagawana lalanjelo. Malole ankadutsa, kagalimoto n'kumagwedezeka ndi mphepo yake.

"Chigwereni bambo aja," anatero amayiwo, "sindinakhalepo pansi chonchi, manja ali chabe. Ndikachoka kukhola ndi kukawasambitsa, ndikachoka kowasambitsa ndi kumoto. Ngakhale kulira kumene ndinalibe pokulirira. M'nyumba akundimva, kukhola nkhuku zidzidzimuka."

"Ndiye khalani. Galimoto ndi ya sukulu, msewu ndi wa tonse. Palibe akukuthamangitsani."

Anabwerera mochedwa tsiku limenelo. Wophunzira wotsatira anali atatopa kudikira n'kupita, ndipo mwini sukulu anawalandira ndi mawu. A Pulova anaima chipewa chili m'manja, anamvetsera zonse, anavomera kuti alakwa, koma sananene kumene anachedwa.

Mayeso oyamba amayi a mazira analephera; pobwerera chakumbuyo anagunda mgolo. Anabwera pasukulu akufotokoza okha, akuseka. Ulendo wachiwiri anakhoza. Akuti woyesa mayeso atatchula mawu aja m'Chingerezi, anatsala pang'ono kumuthokoza, chifukwa anali ngati wakumana ndi wachibale kuchilendo. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse kapikapu kankaima pachipata cha a Pulova, indiketa ikuphethira, ndipo pakhonde pankatsala thireyi ya mazira. Anakana kangapo koma sizinamveke. Akazi awo anakazinga, anawiritsa, anagawira aneba, mpaka anadandaula kuti m'nyumba muno tiyamba kulira ngati atambala.

Zaka zinapita, imvi zinachoka m'mbali n'kukwera mutu wonse. A Pulova anayamba kudandaula kuti magalasi a galimoto a masiku ano sachedwa kuda. Ankalipukuta lakutsogolo m'mawa, masana n'kulipukutanso, koma kankhungu kankatsalabe, makamaka dzuwa likawomba kumaso.

Masana ena akuphunzitsa mtsikana wogwira ntchito ku banki, mtsikanayo anaponda buleki mwadzidzidzi. A Pulova anatsegula pakamwa kuti amufunse chifukwa chake. Pomwepo wanjinga wonyamula makatoni anadutsa kutsogolo kwa boneti, pafupi moti akanatha kuigwira ndi dzanja. Iwo anali asanamuone n'komwe.

"Wachita bwino, mwanawe," anatero.

Anamaliza phunzirolo. Anabweza galimoto pamalo pake, anaitsuka monga mwa masiku onse, anakutumula timakapeti. Kenako analowa mu ofesi n'kuika makiyi patebulo la mwini sukulu.

"Bwana, maso anga ayamba kundinamiza."

Mwini sukulu, amene tsopano anali mwana wa uja anawalemba ntchito, anawakankhira makiyiwo. "Magalasi a maso alipo, madala. Mawa tikagule. Anthu olembetsa dzina lanu adzaza mpaka mwezi wamawa."

"Aonedwe kaye ndi dokotala. M'galimoto muja ine ndine buleki yachiwiri. Buleki yosaona ndi yonamiza ana a eni."

Makiyi anawasiya pomwepo, ndipo kunyumba anapita pa basi.

Kuchipatala anati ndi ng'ala, maso onse awiri. Anawachita opaleshoni. Diso limodzi linayera bwino, linalo linangoyera pang'ono. Kuyenda ankayenda okha, nyuzipepala ankawerenga, koma dokotala anapukusa mutu pa za chiwongolero. Mwini sukulu anawapatsa chipinda chophunzitsira malamulo a pamsewu, mmene muli thabwa lojambulidwa misewu ndi timagalimoto ta ana. Ankaphunzitsa bwino, ophunzira ankadzaza mpaka ena kuima kukhoma. Kungoti kagalimoto kofiira kakamatuluka pachipata ndi mphunzitsi wina, ankasiya chiganizo pakati n'kukaperekeza ndi maso pawindo, mpaka wina atsokomole.

Kunyumba galimoto yawo yakale inangokhala pansi pa mtengo, masamba akuunjikana pa boneti. Tsiku lina m'mawa akazi awo anatuluka ndi tsache, anasesa masambawo, naima manja ali m'chiuno.

"Ndiphunzira ine," anatero.

A Pulova anasangalala ngati mwana. Anavala malaya a manja aatali, anamanga mabatani mpaka pakhosi, anakhala mpando wa mphunzitsi. Koma phunziro loyamba silinatuluke ngakhale pachipata.

"Galasi, mayi."

"Ndayang'ana."

"Simunayang'ane, mwangoponya diso."

"Kumbuyo kuli mpanda, abambo. Mpanda womwe uja munamanga inu. Ukupita kuti?"

"Tsiku lina sudzakhala mpanda."

Mayiwo anazimitsa injini n'kuwapatsa makiyi m'manja. "Zaka zonsezi ndakumverani pa zambiri. Koma ndaona kuti munthu sangakhale mwamuna wako n'kukhalanso mphunzitsi wako. Chimodzi chiwonongeka."

Amene anawaphunzitsa ndi mwana wawo wa ambulansi uja, masiku amene sanali pa ntchito. A Pulova ankawaonera pakhonde akutuluka, ndipo akabwerako ankazungulira galimoto mwakabisira kufufuza pokandika. Sanapezepo. Mayiwo anakhoza ulendo woyamba, ndipo sanalole kuti nkhani imeneyo iiwalike msanga.

Tsiku lokaonetsa diso kuchipatala, anakwera koyamba galimoto yoyendetsa akazi awo. Anamanga lamba, anagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko. Mayiwo ankayendetsa bwino, kungoti mwachangu kuposa mmene iwo akanafunira. Pa mphambano iliyonse phazi la a Pulova linkaponda pansi mwamphamvu, pamene panalibe buleki iliyonse.

"Mubowola galimoto, abambo."

"Minibasi iyo ikufuna kulowa."

"Ndaiona kalekale. Inu ntchito munaigwira, inatha. Tayang'anani panja, muone dziko."

A Pulova anatembenuzira mutu kuwindo monyinyirika. Unali msewu womwe uja wa masitolo, umene anaudutsa pafupifupi tsiku lililonse la moyo wawo wa ntchito. Ankadziwa dzenje lililonse la mu phula lake, ankadziwa pamene ana asukulu amadumphira osayang'ana. Koma maso awo anali asanakwerepo kupitirira zikwangwani. Tsopano anaona kuti pamwamba pa masitolo pali nyumba zina, ndipo mukukhala anthu. Pawindo lina panali maluwa obzala m'zitini za utoto. Pa lina bambo wina ankameta ndevu, kagalasi atakakoleka pa msomali. Pakhonde lina lam'mwamba mayi ankayanika matewera, mwana atagwira zitsulo akuyang'ana magalimoto pansi. Ndipo padenga la sitolo ya nsapato panali khola lathabwa, nkhunda zoyera zikulowa ndi kutuluka.

Dzanja linasiya chogwirira chija osadziwa.

"Mayi, nkhunda zija zinabwera liti pamenepo?"

Akazi awo sanachotse maso pamsewu. "Zija? Ndinayamba kuziona ndili ndi pakati pa mwana woyamba."

"Ayi, mukunama."

"Pobwerera tidutsa konkuno, mudzaziwerenge bwino. Kutsogoloku kulinso nyumba ina ya khonde lobiriwira, muione. Ndakhala ndikuisirira zaka zonsezi."

A Pulova anatsitsa galasi mpaka pansi, natulutsa chigongono, n'kuyamba kuisakasaka ndi diso lawo labwino lija.